Mabiti a kwa Zonsezilipo

Biti lomaliza loboolera zitsulo, la mamilimita khumi, linatha Lachiwiri m'mawa. Silinathyoke ayi, linangotha monga amathera sopo. Linali litanoledwa kwa zaka zambiri, moti Nachitsulo akaliika pa mwala wonolera, zala zinkayamba kupsa nsonga isanathwe. Analiyang'ana kanthawi, kachidutswa kafupi kuposa chala chake chaching'ono, n'kuliponya m'chitini cha zotsalira.

Bambo ake anamva kulira kwa chitinicho ali pampando wawo pafupi ndi khomo, ndipo anafunsa ngati chimene chatayidwacho n'chimene iwo akuchiganizira. Atauzidwa kuti n'chomwecho, anavula chipewa ngati pamsewu pakudutsa maliro. Anati biti limenelo analigula mwanayo asanabadwe, linaboola zitsulo zokwana kumangira mlatho, ndipo munthu woleredwa bwino akanayamba walitsanzika.

Wekishopu inali yawo awiri. Inali chipinda chimodzi chachitali chofolera ndi malata, makina opalira zitsulo kumanzere, makina oboolera kumanja, pakati kanjira koti munthu wonenepa adutse chammbali. Anthu a mumsewumo anamutcha Nachitsulo chifukwa anali mkazi yekhayo amene anamuonapo ataima pa makina otero, mpango kumutu, magalasi kumaso, tizitsulo topotana tikugwera pa nsapato zake. Bambo ake ankatchedwa a Mainchesi. Iwo ankayeza ndi mainchesi okhaokha, anakana mamilimita kuyambira kale, ankati imeneyo ndi miyeso ya anthu oopa masamu. Mawondo anawakhazika pampando zaka zisanu zapitazo, koma pakamwa sipanapume ntchito ngakhale tsiku limodzi.

Vuto linali lakuti pa tebulo panali ntchito yodikira. Wophika buledi wa kumapeto kwa msewu anali atabweretsa shafuti, ndodo yachitsulo yozungulira ya m'makina ake okanyira ufa, yothyoka pakati. Yatsopano Nachitsulo anali ataipala kale, yosalala ngati botolo. Chotsala chinali kuboola mabowo asanu ndi limodzi pa mbale yachitsulo yolumikizira, onse a mamilimita khumi. Wophika bulediyo ankabwera kawiri patsiku, ufa mpaka m'nsidze, kudzanena kuti antchito ake akukanya ndi manja ndipo wina wayamba kale kulankhula zopita kwawo. Kuwonjezera apo kalipa, choyezera chawo, inali itagwa mwezi wathawo n'kupindika mlomo, moti inkanena zoona pokhapokha ukaipanikiza mwanjira inayake imene ankaidziwa ndi Nachitsulo yekha.

Anayamba wapita ku sitolo yaikulu ya magalasi, kumene bambo ake ankati ndi kokhako kogula munthu wodzilemekeza. Kumeneko mabiti ankakhala m'kabati yokhoma, pa nsalu yofiira, ngati mphete zaukwati. Wogulitsa wa malaya oyera anamuuza mtengo wa bokosi limodzi. Nachitsulo anafunsa ngati pamtengo umenewo amapereka ndi kabati yomwe, pamodzi ndi makiyi ake. Wogulitsayo sanaseke. Iye anathokoza, anatuluka, n'kukhotera m'kanjira ka kuseri kwa depoti ya mabasi, akucheuka ngati mwana wopita kumene makolo anamuletsa.

Sitolo ya Zonsezilipo inali pakati pa telala ndi wokonza mafoni, yopapatiza moti makasitomala awiri akakumana mkati, mmodzi ankayenera kubweza mimba. Kudenga kunkalendewera masipanala, maunyolo, malamba a injini ndi mapaipi. M'makoma munali makatoni mpaka pamwamba. Mwini wake anali bambo wa nkhope yozungulira ndi mawu ofewa ngati a namwino, ndipo chibadwire sanauzepo kasitomala kuti palibe. Ukamufunsa chinthu chimene analibe, ankalowa kuseri, n'kutuluka ndi china, n'kukufotokozera kuti chimene umafunacho anasiya kupanga chifukwa ichi n'choposa.

Nachitsulo anayamba ndi kalipa. M'thumba la ovololo ankasunga kampira kachitsulo kochokera m'beringi yakale, ka mamilimita khumi enieni, kosapitirira, kosachepera. Kalipa yoyamba inati kampirako n'ka naini ndi theka. Yachiwiri inati khumi ndi kachidutswa. Yachitatu inati khumi ndendende, koma ataitseka n'kuiloza kukhomo, kuwala kunkadutsa pakati pa milomo yake ngati pa chitseko cha bafa. Anafunsa mwini sitolo kuti mwa zitatuzo yonena zoona ndi iti.

"Zonse n'zoona, mayi," anatero Zonsezilipo. "Zimangosiyana maganizo."

Anachita kutsegula katoni yonse. Yachisanu ndi chiwiri ndi imene inagwirizana ndi kampira kaja, inatseka milomo osasiya mpata, ndipo inkayenda pa ndodo yake mosakakamira. Zonsezilipo ataona kuti kasitomala wayikonda, anakumbukira mwadzidzidzi kuti imeneyo inali ya mtengo wapadera. Nachitsulo anamukumbutsa kuti zonse n'zoona, ndipo maganizo okha sangakweze mtengo. Bamboyo anamwetulira ngati munthu amene wapondedwa phazi m'tchalitchi, n'kuikulunga.

Pa mabiti mpamene Zonsezilipo anawongola msana. Pa kauntala anali atamangirira timakina toboolera, pambali pake chitsulo chodzaza mabowo ngati sefa, ndi mbale ya mabiti achitsanzo, onse onyezimira ngati golide. Anamuuza kuti asakhulupirire mawu, akhulupirire maso. Anatola la khumi, analimanga, anadontheza mafuta, n'kutsitsa chogwirira. Biti linalowa m'chitsulo ngati chala m'thope, tizitsulo tikutuluka tatitali, topotana bwino, mmene amafunira mmisiri aliyense. Nachitsulo anapempha kuti aboole yekha. Anaboola kawiri, anakhudza nsonga ndi chikhadabo, n'kupeza idakali yakuthwa. Mumtima anali atayamba kale kukonza mawu okauza bambo ake.

Bokosi lake linali lokongola kuposa la ku sitolo ya magalasi: pachivundikiro chiombankhanga chitagwira chitsulo ndi zikhadabo, pansi pake mawu m'zinenero zinayi, lonse lokutidwa ndi pulasitiki. Munali mabiti naintini, kuyambira kakang'ono ngati singano mpaka la khumi, ndipo mtengo wake unali woti munthu akhoza kuumva ali chiimire. Atafuna kulitsegula pomwepo, Zonsezilipo anaika dzanja pamwamba pake mwaulemu. Anati bokosi lotsegula ndi logula kale, ndiponso pulasitikiyo ndi imene imasunga mphamvu ya chitsulo. Nachitsulo ankadziwa kuti limenelo ndi bodza la masana, koma wophika buledi anali m'mutu mwake, ndipo mabowo awiri aja anali ataboola ndi dzanja lake lomwe. Analipira.

A Mainchesi analandira bokosilo ndi manja awiri ngati mphatso yochokera kwa apongozi. Analitembenuza, anayendetsa chala pa zinenero zonse zinayi ngakhale sankadziwapo n'chimodzi chomwe, n'kufunsa ngati chiombankhangacho n'chimene chimaboola. Anati chitsulo chabwino sichivala golide, chimabwera chotuwa, chosadzikometsera, ngati munthu amene ali ndi ndalama zenizeni. Nachitsulo anawasiya alankhule. Anamanga mbale ya wophika buledi pa makina, anakhoma kachizindikiro, anamanga biti latsopano la khumi, kenaka anawapempha kuti asendeze mpando aone bwino.

Biti linakhudza chitsulo, linalira tswii, linafuka kautsi. Iye anawonjezera mafuta n'kutsitsanso pang'ono. Apo anaona chinthu chimene sanachionepo pa zaka makumi awiri ali pa makina: biti likumasuka. Kupotana kwake kunayamba kutha kuchokera pansi kukwera m'mwamba, pang'onopang'ono, ngati chingwe chimene akuchipombosola, ndipo pamene ankazimitsa makina n'kuti patatsala kachitsulo kowongoka, kagolide, kooneka ngati nakonso kakudabwa. Pa mbale ya wophika buledi panali kachipsera chabe.

Bambo ake sanaseke msanga. Anapempha kuti alione. Analiyang'ana uku ndi uku, analigubuduza pa bondo, kenaka mapewa anayamba kugwedezeka, mpaka kuseka kunasanduka chifuwa ndipo mwana wawo anachita kuwatungira madzi.

"Usadandaule, mwanawe," anatero atapeza mpweya. "Wagula biti, akupatsa ndi msomali womwe. Kumagalasi kuja sachita zimenezo."

Analiika m'thumba la malaya pambali pa cholembera. Masana amenewo aliyense wolowa analiona: wophika buledi, wowotcherera zitsulo wa khomo loyandikana nawo, ngakhale mayi wina amene anangoima kudzafunsa njira ya ku positi.

Nachitsulo ankamva makutu akutentha. Chimene chinkamudya sikunali kuseka kwa bambo ake. Chinali chakuti biti la pa kauntala lija linali labwino ndithu, ndipo iye sanali munthu wopusitsidwa ndi maso. Anakhuthulira otsalawo pa tebulo, anatenga tupa lake lakale, n'kuyamba kukwecha lililonse pamsana. Pa ena tupa linkaluma, n'kusiya kachipsera kowala, ufa wachitsulo ukugwa. Pa ena linkangoterereka ngati pa galasi. Anapanga milu iwiri: olumidwa ndi tupa ndiwo ofewa, oterereka ndiwo olimba. Olimba anakwana asanu ndi atatu, ofewa khumi. Onse golide mmodzi, bokosi limodzi, chiombankhanga chimodzi.

A Mainchesi ataona kuti mlandu ukuzengedwa popanda iwo, anakokera mpando pafupi. Anati tupa ndi la anthu ogontha, mmisiri weniweni amamva ndi khutu. Anamuuza kuti asakanize milu yonse, iwo anatembenukira kukhoma, ndipo iye ankagwetsa limodzilimodzi pa simenti. Likalira ngwee, ankati, "Munthu." Likalira phu, ankati, "Chithunzi." Khutu ndi tupa zinagwirizana pa onse kupatula awiri. La sikisi tupa linati n'lolimba, khutu linati lili ndi mawu a munthu wobisa matenda. La foro tupa linavomereza, khutu linakana. Anawatengera onse awiri ku makina. La sikisi linaboola bowo limodzi mokongola, pa lachiwiri linathyoka pakati, gwa, chidutswa n'kukagunda malata. A Mainchesi anakhala tsonga n'kuyamba kufotokoza kuti kulimba kokha si nzeru, chitsulo chouma mopitirira chili ngati munthu wosamva za anzake. Ulalikiwo unatha pamene la foro linaboola mabowo khumi motsatizana osatentha n'komwe. Pamenepo anati mwanayo analigwetsa chammbali.

M'mawa mwake Nachitsulo ananyamula bokosi lija kuti akalibweze. Anapeza bambo ake atakonzeka kale pakhomo, jekete lawo la misonkhano pathupi, nsapato zopolisha, ndodo m'manja. Panali patatha miyezi asanapitirire pa kona ya msewu. Anati akufuna akamupatse moni munthu amene amagulitsa misomali yagolide, ndipo mabiti ofewawo anyamula okha m'thumba, akhale umboni. Ulendo wa mphindi makumi awiri unawatengera ola lathunthu, ndi kupuma katatu.

M'sitolo anapeza muli kale munthu wa tayi, mapepala m'khwapa. Anali wogulira zipangizo sukulu ina ya ntchito zamanja, ndipo ankafuna mabokosi makumi atatu. Zonsezilipo ataona Nachitsulo akulowa ndi bokosi lotsegula m'manja, nkhope yake sinasinthe ngakhale pang'ono. Anamulandira ndi mawu okweza, n'kuuza wa tayi uja kuti adzionere yekha: mayi awa anagula dzulo, lero abwera ndi bambo awo kuti nawonso aone zodabwitsa. A Mainchesi anavomereza kuti n'zoona, zodabwitsa anaziona ndithu.

Nachitsulo anatsegula pakamwa, koma nsonga ya ndodo inamudina pa phazi. Bambo ake anasendera ku kauntala akubuula, anayedzamira, ndipo chigongono chawo chinakankha mbale ya mabiti achitsanzo. Anamwazika pa kauntala ponse. Nkhalamba inayamba kupepesa mobwerezabwereza, ikutola ndi manja onjenjemera, ikukana kuthandizidwa, ikudandaula kuti ukalamba ndi wopanda ulemu. Wa tayi anagwidwa chisoni mpaka anawagwirira ndodo.

Nachitsulo sanagwidwe chisoni. Ankadziwa kuti bambo ake amadwala mawondo. Manja awo akanatha kulowetsa ulusi pa singano ali m'basi yothamanga. Anaona dzanja lamanja likutola pa kauntala n'kulowa m'thumba lamanja la jekete, lamanzere likutuluka m'thumba lamanzere n'kuika m'mbale. Zinachitika katatu. Mtima unamuuza kuti munthu wamkulu ngati iye ayenera kunenapo kanthu. Anayang'ana kudenga n'kuyamba kuwerenga masipanala.

"Aonetseni bwanawa lalikululo," anatero a Mainchesi atamaliza kutola. "Ating'onoting'ono saonetsa mphamvu."

Zonsezilipo anasakasaka la khumi, silinaoneke, anatola la naini. Anauza wa tayi kuti asakhulupirire mawu, akhulupirire maso. Analimanga, anadontheza mafuta, anatsitsa chogwirira. Nachitsulo anaimva nyimbo ija, tswii, ndipo sanafunikire kuyang'ana, koma anayang'anabe. Kautsi kanakwera, biti linayamba kudzipombosola pamaso pa anthu anayi, mwaulemu, mosafulumira, mpaka linaima chowongoka.

Mwini sitolo anati pa zaka khumi ndi chimodzi sanaonepo zotero, mwina linavulala pogwa paja. Anatola la eyiti. Limenelo silinamasuke, linangopinda khosi ngati nkhuku yodwala, n'kuyamba kuzungulira likujambula mzere pa chitsulo. Dzanja lake linapita ku mbale kachitatu, n'kuima m'malere. Wa tayi anasonkhanitsa mapepala ake, anati ayamba wakambirana ndi akuluakulu a sukulu, anabweza ndodo kwa eni ake, n'kutuluka chammbali.

Zonsezilipo anazimitsa timakina, anamasula biti lopindikalo, analiyandikitsa kumaso n'kuona kachipsera ka tupa pamsana pake. Anayang'ana m'mbale. Anayang'ana jekete la nkhalamba, limene thumba lamanja linali litalemera pang'ono. A Mainchesi anali otanganidwa kuyesa loko wina, akumutsegula ndi kumutseka. Mwini sitolo anakankha chitseko n'kusiya kampata, anakhala pa katoni.

"Madala, manja aja achira?"

"Amabwera n'kupita," anatero a Mainchesi.

Nachitsulo anaika bokosi lake pa kauntala, anasolola biti lowongoka lija m'thumba la malaya a bambo ake, n'kuligoneka pambali pa linzake. Anali atakonzekera mkangano, mawu ena anali atawayeserera m'njira. Koma Zonsezilipo anangopumira m'mwamba. Anati iye sapanga mabiti, amangowalandira. Mabokosi amabwera osakaniza chomwecho, ndipo sakudziwa ngati ku fakitale kuli ng'anjo ziwiri, ina yoyaka ina yozima, kapena ngati woyang'anira amagona masiku ena. Chimene amachita n'kutsegula bokosi limodzi mwezi uliwonse, Lamlungu masana sitolo itatsekedwa, n'kuboola ndi lililonse. Opulumuka amakhala achitsanzo, akufa amawataya kuseri. Anawonjezera kuti si bodza kwenikweni, chifukwa achitsanzowo amachokeradi m'bokosi lomwelo.

Nachitsulo anamufunsa ngati sanayesepo ndi tupa. Bamboyo anafunsa kuti tupa lalowa bwanji m'nkhaniyi. Iye anatulutsa lake m'thumba la ovololo, anatola biti limodzi m'mbale, anakwecha: linaterereka. Anatola limene bambo ake anasiyamo lachitatu, anakwecha: linaluma. Anamupatsa kuti ayese yekha. Zonsezilipo anayesa, anayesanso, anakwecha mpaka sipanala imene inali pafupi, nkhope ikuwala ngati ya munthu amene wapeza ndalama m'thumba la buluku lakale.

"Ndiye mukuti zaka zonsezi ndakhala ndikuwotcha mabokosi Lamlungu, yankho lili lopachikika pakhoma?"

Nachitsulo anamuchenjeza kuti tupa silinena zonse, lilipo lolimba koma lothyoka msanga, ndipo a Mainchesi analowererapo kuti pamenepo mpamene pamafunika khutu, chinthu chimene sichigulitsidwa m'sitolo iliyonse.

Anagwirizana mosavuta. Iwo awiri asankhula mabokosi makumi awiri, olimba paokha, ofewa paokha. Nachitsulo atenga bokosi lathunthu la olimba okhaokha. Ofewawo mwini sitolo aziwagulitsa kwa akalipentala, chifukwa m'thabwa amaboola bwinobwino, ndipo aziwauza zoona zake. Pa mawu omalizawo Zonsezilipo anagwedeza mutu msanga kwambiri, koma Nachitsulo anazisiya. Anatembenukira kwa bambo ake n'kutambasula dzanja. Mabiti awiri anatuluka m'jekete mosavuta. Lachitatu, la khumi lija, linachita kufuna kuti mwana awayang'ane nthawi yaitali, ndipo linatuluka pamodzi ndi dandaulo lakuti ana a masiku ano sadziwa mbali imene ali.

Anakhala m'kachipinda ka kuseri mpaka dzuwa litapendeka, iye pa katoni ndi tupa, bambo ake pa mpando wa mwini sitolo akugwetsa mabiti pa simenti. Telala anabwera kudzafunsa ngati pali amene akuyesa mabelu. M'mabokosi ena olimba ankapezeka anayi, mwa ena khumi ndi awiri. Limodzi linali la ofewa okhaokha, ndipo a Mainchesi anati limenelo alipereke kwa mwana azisewera nalo. Koma bokosi lakhumi ndi chisanu linawadabwitsa onse atatu: naintini onse anaterereka, onse analira ngwee. Analizungulira n'kumaliyang'ana. A Mainchesi anati ku fakitale kuja munthu wina anadziiwala tsiku limenelo, ndipo mwina anamuchotsa ntchito.

Limenelo ndi limene Nachitsulo anapita nalo. Mabowo asanu ndi limodzi a wophika buledi anawaboola Lachinayi m'mawa, tiyi wa bambo ake asanazizire, ndipo kalipa yatsopano inati onse ndi khumi. A Mainchesi anawayeza okha ndi kalipa yakale yopindika ija, anatchula nambala ina ya mainchesi yokhala ndi tizigawo, n'kunena kuti zangochitika mwamwayi. Kuyambira tsiku limenelo aliyense wolowa ankauzidwa kuti zida zotsika mtengo n'zabwino ndithu, bola wogula akhale ndi bambo.

Patapita milungu itatu, wowotcherera wa khomo loyandikana analowa akuyenda ngati munthu amene wapambana mlandu, bokosi la chiombankhanga m'khwapa. Anati Zonsezilipo watembenuka mtima. Masiku ano amatsegula bokosi pamaso pako, amakupatsa tupa limene analimangirira ndi unyolo pa kauntala, n'kukuuza kuti uyese wekha lililonse: likaluma usagule, likaterereka ndi lako. Iye anayesa naintini onse, ndipo onse anaterereka. Mtengo wakwerako pang'ono, chifukwa tsopano ndi mabiti oyesedwa, koma munthu umagula mtima uli m'malo.

Nachitsulo anapukuta manja, analandira bokosilo, anatenga tupa lake. Pa la khumi linaluma. Pa la naini linaluma kwambiri. Pa la eyiti linalowa ngati likudula sopo. Wowotcherera anayang'ana ufa wachitsulo ukugwera pa tebulo, n'kunena mwa mawu apansi kuti koma anayesa yekha, ndi dzanja lake lomwe.

Kuchokera pampando paja a Mainchesi anafunsa funso limodzi: tupa la pa unyololo, Zonsezilipo analigula kuti?

Kenaka Nachitsulo anazindikira, ndipo anachita kugwira m'mphepete mwa tebulo. Tupa la m'katoni ya Zonsezilipo yemweyo, lofewa ngati mabiti ake, silikanaluma ngakhale supuni. Anaseka mpaka magalasi anachita nthunzi, wowotcherera ataima pakati pawo akuyang'ana wina, akuyang'ana wina. Bambo ake anapukuta misozi ndi chipewa n'kunena kuti munthu ameneyo akumupatsa ulemu. Akanabadwa ndi manja a ntchito akanakhala mmisiri woopsa.

Wowotcherera anafunsa kuti nanga iye atani. Nachitsulo anamupatsa tupa lake, anamuuza kuti akalowe nalo m'thumba, akalitulutse pokhapokha m'sitolo muli kasitomala wina, ndipo akayambe ndi kukwecha tupa la pa unyololo. Anamuuzanso kuti alibweze isanakwane thwelofu, chifukwa masana pali ntchito ya pampu. Bamboyo anatuluka akuthamangira, ndipo iye anatsitsa magalasi kumaso n'kuyatsa makina.